Uvuni wa a Barnaba ndi Kabuku Kamene Kanachedwa

Sabata yatha tinasonkhana ku Mbungo kukaika mwala pa manda a amalume a Barnaba, alongo awo a mayi anga. Papita chaka chimwalirireni. Achibale anandipempha kuti ndilembe mbiri yawo yoti iwerengedwe pamandapo, poti ndine mphunzitsi. Ndinalemba kumene anabadwira, za ubatizo wawo, zaka zimene anagwira ntchito ku Bulawayo, ana ndi zidzukulu zimene asiya. Ndinawerenga bwinobwino, anthu anagwedeza mitu, amayi a mpingo anayambitsa nyimbo. Zimene ndikulemba panozi ndi zija ndinazilumpha.

Amalume anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wogontha khutu lakumanzere. Khutulo linafera ku Bulawayo, kumene anathera unyamata wawo akusula ndi kukhoma zitsulo m'nyumba yokonzera sitima za pamtunda. Sankadandaula nalo. Ankati khutu limenelo ndi limene linawasunga pa mtendere ndi anthu, chifukwa munthu akayamba kulankhula zopanda mutu ankangomutembenuzira mbali imeneyo. Tonse tinkadziwa. Ukaona akupatsa phewa lakumanzere, nkhani yako yathera pomwepo.

M'thumba la malaya awo simunkasowa rula yachitsulo yopinda ndi pensulo yaifupi. Akabwera kudzacheza kwanu, asanakhale pansi ankayamba ayang'ana chitseko, n'kupeza kuti chikukhula pansi, ndipo tiyi ankamwa chitsekocho chitagona pabwalo. Tsiku lina ku tchalitchi chachikulu ku Chipyela anakhala pa benchi yogwedera. Mapemphero atangotha anagwada ndi suti yawo ya Lamulungu, anayeza miyendo yonse inayi, n'kupita kukamuuza kalipentala pamaso pa anthu kuti mwendo umodzi unali waufupi ndi chala chathunthu. Kalipentalayo sanawapatsenso moni mpaka Pasaka. Amalume sanamvetse chimene chinamukwiyitsa. Iwo ankakhulupirira kuti kumuuza munthu pamene walakwitsa n'kumupatsa ulemu, ndipo kuti amene akukhalira chete ndiye akukuyesa mwana.

Atabwerako ku Bulawayo anapeza akazi awo, azakhali a Marita, akuwamba nsomba monga ankawambira amayi onse a kwathu: dzenje, nkhuni pansi, waya pamwamba, munthu n'kukhala mu utsi tsiku lonse mpaka maso kufiira. Pachilumba pathu nkhuni n'zosowa. Zambiri zimabwera pa boti kuchokera tsidya la Mozambique, ndipo mtolo uliwonse umauwerengera. Azakhali amasimba kuti amuna awo anakhala pa mwala masiku atatu akungoyang'ana utsi ukukwera. Tsiku lachitatu anati, "Marita, nkhuni izi zaoloka nyanja kudzawamba nsomba kapena mitambo?"

Anapeza migolo iwiri yakale, anaidula, anailumikiza, n'kuikamo mawaya ogonekapo nsomba. Uvuni woyamba unapsereza kampango yense wa tsiku limenelo mpaka kusanduka makala, ndipo azakhali anatha masiku awiri osawalankhulitsa. Wachiwiri unkazima wokha. Anavutika nawo chaka chonse, mpaka anapeza chimene chinkasowa: chitsulo chopendekeka m'kati mwa mgolo, chimene ankachitcha chobweza. Ntchito yake inali kutchinga utsi kuti usathamangire ku chumuni, ubwerere pansi, udutsenso pa nsomba kachiwiri usanatuluke. Mtolo umene kale unkathera dengu limodzi la nsomba unayamba kukwanira madengu angapo, ndipo azakhali anasiya kutsokomola.

Sanabise kanthu. Aliyense wobwera ndi mgolo wake ankamuphunzitsa, bola amvere miyeso. Apa m'pamene panayambira mkangano wawo ndi a Yohane a ku Yofu, mnzawo wa ubwana. A Yohane anapanga uvuni wawo koma chobweza anachigoneka chathyathyathya, ati n'chimodzimodzi. Amalume atamva anayenda pansi kuchoka ku Mbungo mpaka ku Yofu, rula m'thumba, anakafika osapereka n'komwe moni, analowetsa mutu mu uvuniwo n'kutuluka ndi mwaye pamphumi.

"Yohane, ichi si chobweza. Ichi n'chivundikiro cha poto."

"Nsomba zikuuma kapena sizikuuma?"

"Zikuuma chifukwa cha manyazi."

Anakangana za kupendekeka kwa chitsulocho zaka zoposa khumi, pa maliro, pa maukwati, ngakhale pa mzere wa Mgonero ankanong'onezana. Pa tsiku loika amalume, a Yohane ndi amene anakana kusinthana ndi wina aliyense ponyamula bokosi.

Nthawi ina amayi a mpingo anapempha amalume kuti alembe malangizo opangira uvuniwo. Analemba ndi dzanja lawo, anajambula m'kati mwake ngati mgolo wong'ambidwa pakati, miyeso yonse ili apo. Wansembe wa nthawi imeneyo anapita nazo ku Mzuzu kukasindikiza. Panatuluka kabuku ka masamba asanu ndi atatu, kamene kanagawidwa m'mipingo ya m'mphepete mwa nyanja. Nyuzi ya mpingo nayo inalemba nkhani yake, ndi chithunzi cha amalume ataima pambali pa mgolo, nkhope ili gwa ngati akuwajambula a polisi.

Ine ndimalowa m'nkhaniyi patapita zaka zambiri, pa tchuthi china nditabwera kuchokera ku Mzuzu kumene ndimaphunzitsa. Kunabwera mlendo, mnyamata wa kunja wophunzira za makina, amene anamva za uvuniwo n'kuyenda pansi kudzauona. Amalume Chingerezi ankachidziwa, koma khutu linkawavuta, choncho anandiitana kuti ndizibwereza mafunso mofuula ku khutu labwino. Mnyamatayo anali waulemu. Anajambula zithunzi, anayeza, analemba. Amalume anasangalala kupeza munthu wokonda miyeso ngati iwo, mpaka anatsegula uvuni wa azakhali n'kutulutsa chobweza kuti mlendoyo achigwire. Ine ndinkanyadira Chingerezi changa. Pamene amalume ankafupikitsa, ine ndinkaonjezera kufotokoza.

Sindidziwa njira imene zithunzizo zinayenda, ndipo sindingalumbire kuti mnyamatayo ndiye anachita. Chimene ndikudziwa n'chakuti patapita zaka zingapo mlangizi wa za nsomba anabwera ku Mbungo ndi buku la malonda la mapepala onyezimira. M'menemo munali uvuni wopakidwa penti yobiriwira, wa mateyala, wopangidwa ndi kampani ina ya kutsidya kwa nyanja zamchere. Pa tsamba lotsatira anaujambula m'kati. Amalume anavala magalasi, anatulutsa rula, anayeza pa pepalapo. Chitsulo cha m'katicho chinapendekeka ndendende monga chawo. Pansi pake panalembedwa kuti luso limeneli analitulukira ndi a kampaniyo ndipo lili ndi patenti.

Mlangiziyo anafotokoza kuti patenti ndi chikalata chimene boma limapereka kwa munthu wotulukira luso latsopano, choletsa ena kupanga ndi kugulitsa popanda chilolezo chake. Anati chikalata cha dziko lina sichingaletse amayi a ku Mbungo kuwamba nsomba. Koma panali bungwe lina la dziko lomwelo la kampaniyo limene linali litayamba kukambirana ndi amalume zoti aphunzitse achinyamata a pachilumba kupanga mauvuni ambiri. Bungwelo litaona patentiyo linabwerera m'mbuyo poopa milandu kwawo. Amalume za bungwe sanazilabadire kwenikweni. Chimene chinawabaya ndi mawu aja oti anatulukira ndi ena.

Mlangizi yemweyo anatilumikizitsa ndi loya wina wamkazi wa m'dzikolo, wa m'gulu lothandiza amisiri a m'midzi mwaulere. Popeza ine ndinali ndi imelo, makalata onse ankadzera kwa ine. Kalata yake yoyamba inali yaitali, ndipo inalongosola malamulo momveka bwino. Ofesi yopereka patenti ikhoza kuunikanso chikalata chimene inapereka kale, ngati munthu wina aliyense abweretsa umboni woti lusolo linalipo kampani isanapemphe. Koma umboni umene amalandira ndi wa zinthu zosindikizidwa zokha, monga mabuku, nyuzi ndi mapatenti akale. Mboni za pakamwa sazimvera. Migolo yadzimbiri imene yakhala ikufuka ku Mbungo zaka zonsezi sangaione n'komwe. Ndipo wopemphayo, m'maso mwa malamulo, ndi munthu wapadera, chifukwa nkhani ili pakati pa ofesi ndi mwini patenti. Kampani ikayankha pempholo, wapaderayo ali ndi mwayi umodzi wokha woyankhanso, m'miyezi iwiri yosaonjezeredwa. Zikatero mbali yake yatha. Saitanidwa, safunsidwa, ndipo chigamulo chikamuipira sangachite apilo.

Ndinawawerengera kalatayo pakhonde, ndikumasulira ku khutu lakumanja. Nditafika pa mawu aja anandiimitsa.

"Wapadera ndani? Ine?"

"Ndi kalembedwe chabe ka malamulo, amalume."

"Ine mundu wapadera pa uvuni umene unandiwotcha zala izi?" Anandionetsa zipsera. Kenako anaseka pang'ono. "Chabwino. Akadzandiitana ndidzawafunsa kuti chobweza chimapendekeka chifukwa chiyani. Tidzaone amene adzayankhe."

Ndime yotsatira ndi imene inkanena kuti sadzaitanidwa. Ndinayang'ana nkhope yawo, ndinapinda kalatayo, n'kunena kuti zotsalazo n'zongotsazika.

Poyamba tinkaganiza kuti kabuku kaja kanatheratu, poti papita zaka, ndipo mapepala kwathu chiswe sichiwasiya. Loya anatumiza pempho ndi nyuzi ya mpingo ija, imene inapezeka pa shelefu m'nyumba ya wansembe. Ofesi inavomera kuunikanso patentiyo. Tsiku limene ndinawaimbira foni kuwauza, azakhali akuti amalume anapita kukameta tsitsi. Kenako kampani inayankha. Inati chithunzi cha m'nyuzicho chikungoonetsa nkhalamba ndi mgolo wa chumuni, zimene zili m'kati sizikuoneka, choncho palibe umboni woti chitsulo chobweza utsi chinalipo kale. Loya analemba mwachangu. Anati uwu ndiwo mwayi wathu umodzi uja, ndipo ngati pali chosindikizidwa chilichonse choonetsa m'kati, chipezeke, chijambulidwe bwino, chimasuliridwe m'Chingerezi.

Azakhali anakhuthula nyumba yonse. Kabukuko anakapeza pansi pa bokosi lachitsulo, pakati pa mapepala a ntchito a ku Bulawayo. Kanali kachikasu, ngodya imodzi yodyeka, koma chojambula chija chinali chathunthu. Sabata imeneyo ndinali pachilumba chifukwa cha maliro a wachibale. Tsiku lobwerera, amalume anakana kutuma munthu. Anayenda okha mpaka pokwerera sitima, kabuku atakakulunga m'pulasitiki ndi m'nsalu ya azakhali. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Aphunzitsi," ndi mmene ankanditchulira akafuna kundiseka kapena kundilemekeza, "katsala kamodzi komweka. Musakapinde."

"Ndikatumiza sabata yomwe ino, amalume."

Ndafufuza mumtima mwanga chifukwa chomveka, sindinachipeze. Kunali mayeso kusukulu, mapepala oti ndichonge anali mulu. Ndinkafuna kuti Chingerezi chake chikhale chosalala, ndipo mawu ena a amalume ankandivuta kumasulira, ndiye ndinkati ndidzachita Loweruka. Loweruka linkabwera ndi zake. M'mutu mwanga ndinkawerenga miyezi iwiri kuyambira tsiku limene ndinalandira kabukuko, pamene loya anali atalemba tsiku lenileni lomaliza kumunsi kwa imelo, kumene sindinafikeko. Anandikumbutsa kawiri. Ndinaona dzina lake pa foni, koma poti ndinali ndisanayambe n'komwe, manyazi anandigwira, sindinatsegule. Ndinkati ndidzayankha ndikamaliza, kuti ndidzatumize zonse pamodzi. Ndipo pansi pa zonsezi panali kamtima kena kamene ndikuchita nako manyazi kuposa zonse: sindinkakhulupirira kuti anthu a maofesi akutali angawerenge kabuku ka mkulu wa ku Mbungo n'kusintha maganizo. Ndinawagamulira ndekha mlandu amalume, iwo asakudziwa.

Ndinatumiza patadutsa masiku asanu ndi limodzi kuchokera pa tsiku lomaliza. Loya anayankha ndi mawu ochepa. Anati chojambulacho chinali chimene ankafuna, chomveka kuposa mmene ankayembekezera, koma ofesi siingachilandire, ndipo iye anali atapereka kale yankho lopanda umboni watsopano. Patapita miyezi, chigamulo chinatuluka: patenti ikhalebe. Analembanso kuti n'zotheka kuyambiranso pempho latsopano ndi kabukuko, ngakhale kuti gulu lawo linali ndi anthu ambiri odikira, ndipo ngati banja likufuna ndimulembere. Kumulembera kukanafuna kuti ndiyambe ndawauza amalume chimene chinachitika. Sindinalembe.

Pa foni ndinkangoti nkhani ikuyenda. Ndiye Loweruka lina masana, nyengo yozizira, kukuwaza kamvula ka ku Mzuzu kaja, ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza amalume ali ndi sutikesi, jekete litanyowa m'mapewa. Anali atakwera sitima mpaka ku Nkhata Bay, n'kukwera minibasi okha, osauza munthu kupatula azakhali. Asanakhale pansi anayang'ana chitseko changa, koma tsiku limenelo sanachikhudze. Anatulutsa envelopu m'thumba. Munali tizithunzi tinayi ta pasipoti, atavala tayi.

"Ndaona kuti nthawi ikupita. Angadzaitane ine ndilibe pasipoti. Mawa ndi Lamulungu, ndiye Lolemba mundiperekeze ku ofesi ya mapasipoti."

Ndinawathira tiyi. Ndinakhala mbali ya khutu labwino.

"Amalume, sadzakuitanani."

"Bwanji?"

"Malamulo awo salola. Wopempha salankhula. Amangowerenga mapepala basi. Zinalembedwa m'kalata yoyamba ija, ine sindinakuwerengereni."

Anayang'ana tizithunzi tija. Ndinkadikira kuti andikalipire monga anakalipira kalipentala. Sanatero.

"Nanga nkhaniyo ili pati?"

"Inatha. Agamula kuti patenti ikhalebe ya kampani."

Anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya tayi, anawavalanso.

"Wandu osafuna kumva mundu, koma pepala. Chabwino, kwawo n'kwawo. Koma pepala langa linalankhula m'malo mwanga. Kabuku kaja kanafika?"

Apa m'pamene ndinayenera kunena. Panalibe wina m'nyumbamo, khutu labwino linali kwa ine, ndipo anafunsa molunjika monga ankafunsira nthawi zonse.

"Kanafika, amalume."

Silinali bodza lathunthu, ndipo n'chifukwa chake linatuluka mosavuta. Iwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti anakaona, osakamvetsa." Anaganiza kanthawi. "Vuto ndi langa. Ndinajambula ndi dzanja, mothamanga. Muvi woonetsa njira ya utsi ndinauika pakona, ndi waung'ono. Mundu wosadziwa sangaone kuti ukubwerera."

"Ayi, amalume, chojambula chija n'chabwino."

"Chikanakhala chabwino akanamva."

Anagona masiku awiri, Lolemba m'mawa ndinawaperekeza ku depoti. Suti yawo ya Lamulungu ija, imene anabwera nayo kuti akavale ku ofesi ya mapasipoti, sinatuluke m'sutikesi.

Chaka chawo chomaliza anachithera pa kujambulanso uvuniwo. Maso anali atayamba ng'ala, ndiye ankakhala panja dzuwa likakwera, nkhope pafupi ndi pepala. Anayamba ndi kuseri kwa makalendala akale. Kenako anandiimbira foni kuti ndikamabwera ndiwagulire mapepala aakulu, mapensulo olimba ndi labala. Ndinagula, ndinawapititsira, anandithokoza. Ulendo uliwonse ankandionetsa chatsopano: uvuni kuchokera kutsogolo, kuchokera pamwamba, chobweza pachokha, mivi ikuluikulu yofiira. Ankandifunsa ngati munthu wa kunja angamvetse tsopano. Ndinkati angamvetse. Sanandipemphe kuti nditumize kulikonse. Ankati akufuna kuti wina akadzafunsanso, asadzapeze ntchito yokhota. A Yohane akabwera kudzawaona, ankawauza kuti asiye kudzivutitsa, azungu aja ndi akuba basi. Amalume ankawapatsa phewa lakumanzere. Sankafuna kumva zoti anawabera. Kwa iwo kunali kopepuka kukhulupirira kuti analakwitsa muvi, chifukwa muvi ukhoza kukonzedwa.

Ndimakumbukira kanthu kena ka ndili mtsikana wamng'ono. Ndinathyola rula yawo yoyamba, ya matabwa, ndikuseweretsa, n'kuibwezera m'thumba la malaya mwakachetechete. Atapeza anatiitana ana tonse n'kufunsa kamodzi kokha. Ndinavomera ndikulira. Sanandimenye. Anandikhazika pambali pawo, tinaimata ndi guluu, n'kundiuza kuti chothyoka chimene mwini wake wachiona chimakonzeka tsiku lomwelo, koma chobisidwa chimakayezera anthu zinthu zolakwika. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo ndinatha kuvomera. Ku Mzuzu ndinali mayi wa ana atatu.

Anadwala sabata ziwiri zokha. Chibayo. Ndinamva Lachitatu kuti zavuta, ndinadikira sitima, ndinakafika atatsekedwa kale maso.

Sabata yatha, mwambo wa mwala utatha ndipo alendo atabalalika, ndinapeza azakhali akutsuka mbale kuseri. Ndinagwada pambali pawo n'kuyamba kutsukuluza. Ndinawauza zonse, za masiku asanu ndi limodzi, za maimelo osatsegula, za yankho langa la ku Mzuzu. Sanasiye kutsuka mpaka ndinamaliza. Kenako anapukuta manja pa chitenje.

"Agnesi, ukundiuza ine kuti nditani nazo?"

"Sindikudziwa, azakhali."

"Mwini wake anakufunsa ali moyo."

"Ankadziwa kodi?"

Anandiyang'ana. "Atabwerako ku Mzuzu anandiuza kuti tiyi wako unali wozizira ndipo sunawayang'ane kumaso. Sananene china. Ine sindinafunse." Ananyamula beseni n'kutaya madzi. "Mapepala awo ali pamwamba pa kabati. Ndinkafuna kupatsa a Yohane. Koma tenga iwe. Ulemere nawo."

Ndatenga. Alipo khumi ndi anayi, okulungidwa ndi chingwe cha ukonde. Dzulo ndamulembera loya uja, patapita zaka ziwiri. Sindikudziwa ngati akadali pa ntchito yomweyo, kapena ngati adzayankha. Ngakhale atayankha, ngakhale ofesi itawerenga n'kufafaniza chikalata chija, amene ankafuna kumva kuti chojambula chake chinali chabwino kulibe.

Ndisanakwere sitima ndinapita pamene amalume ankagwirira ntchito, kumunsi kwa munda wa chinangwa. Kachisakasa kanagwa ndi mphepo ya mwera, mitengo yake azakhali anasonkhera moto. Patsala chitsa cha mtengo wa mango chimene anamangirirapo vaisi yopanira zitsulo, ndipo vaisiyo yauma ndi dzimbiri, kukamwa kuli kotseguka pang'ono. Ndinayesa kupotokola, sinasunthe. Pansi pali bwalo lakuda la makala ndi tizidutswa ta zitsulo, pamene udzu ukukana kumera ngakhale mvula inagwa yambiri chaka chino. Njira yochokera kunyumba yayamba kutsekeka ndi chisoso. Mbuzi ya aneba inali itagona pamthunzi, ikubzikula. Inandiyang'ana, sinadzuke n'komwe, poti palibenso amene amaithamangitsa pamenepo.